Kodi olawa wisiki amamva chiyani? Tanthauzo la fungo, zaka ndi mamendulo a pa botolo

Munthu akalowa m'sitolo yaikulu ku Manda Hill kapena ku East Park n'kuima pamene amaika zakumwa zaukali, amapeza mabotolo oyandikana, onse olembedwa kuti wisiki, onse ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, koma mtengo wa botolo lina ukuposa wa linzake kangapo. Pa botolo lodulalo pamakhala mawu akuti single malt, chiwerengero cha zaka 12 ndi kachizindikiro ka mendulo ya golide, ndipo kuseri kwake amalemba kuti mkatimo muli fungo la uchi, la zipatso zouma ndi la utsi. Ambiri tikawerenga zimenezi timadabwa, chifukwa m'botolomo simunathiridwe uchi kapena chipatso chilichonse. Muno mu Lusaka, mzinda umene kachasu amatchezedwa m'makomboni ndiponso umene unaona boma likuletsa tujilijili m'chaka cha 2012, funsoli lili ndi mbali ina yolemera: kodi mphuno ndi lilime zingatiuze kuti chakumwa ndi chabwino, nanga ubwinowo ukutanthauza kukoma kokha kapena ukutanthauzanso kuti sichivulaza? Nkhani ino sikulimbikitsa munthu kumwa kapena kumudzudzula. Cholinga chake n'kumasulira mawu amene ogulitsa ndi akatswiri amagwiritsa ntchito, kuti wowerenga adziwe pamene kulawa kumathandiza ndi pamene kumalekera.

Kutcheza

Mowa uliwonse umayamba ndi shuga ndi yisiti. Tizamoyo ta yisiti timadya shuga n'kutulutsa mpweya pamodzi ndi chinthu choledzeretsa chimene asayansi amachitcha ethanol. Chimanga, mapira ndi balere zilibe shuga wokwanira wodyeka ndi yisiti, n'chifukwa chake ofulula amayamba anyika mbewu m'madzi kuti zimere kenaka n'kuziyanika. Chimenechi ndi chimera chomwe amayi ofulula thobwa ndi mowa wamasese amachidziwa bwino, ndipo mawu akuti malt a pa botolo la ku Scotland satanthauza china koma chimera cha balere. Koma yisiti ili ndi malire, pakuti mphamvu ya mowa ikayandikira 15 peresenti imafooka n'kusiya kugwira ntchito. Wofuna chakumwa champhamvu kuposa pamenepo ayenera kutcheza.

Kutcheza kumadalira mfundo imodzi. Ethanol amawira pa madigiri pafupifupi 78, pamene madzi amawira pa madigiri 100 m'malo a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kuno ku Lusaka, poti tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, zonse ziwiri zimawira msanga pang'ono. Mowa ukatenthetsedwa, nthunzi yoyamba kukwera imakhala ndi ethanol wambiri kuposa madzi, ndipo nthunziyo ikadutsa mu paipi yozizira imasanduka madontho amphamvu. Luso limeneli linakulitsidwa ndi akatswiri a m'mayiko a Aluya amene ankatcheza mafuta onunkhira ndi mankhwala, kenaka linafika ku Ulaya kumene madokotala ndi ansembe anatcha zotulukazo aqua vitae, kutanthauza madzi a moyo. M'chilankhulo cha Gaelic cha ku Scotland mawuwa anakhala uisge beatha, ndipo dzina lakuti wisiki linachokera pamenepo. Zolemba zakale kwambiri zonena za chakumwachi ku Scotland ndi za m'chaka cha 1494, pamene m'kaundula wa chuma cha mfumu munalembedwa kuti John Cor, yemwe anali m'bale wa chipembedzo, anapatsidwa chimera choti apangire aqua vitae.

Amene anaonapo kachasu akutchezedwa waona kale zonsezi: mgolo uli pamoto, paipi ikudutsa m'madzi ozizira, botolo likulandira madontho. Waonanso kuti zotuluka sizikhala zofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zoyamba, zimene otcheza kwathu amazitcha mutu, ndizo zaukali kwambiri, ndipo zimabwera ndi tinthu tofulumira kuuluka tokhala ndi fungo lobaya ngati la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Zomalizira zimakhala zofooka, zamafutamafuta, zonunkha ngati katoni yonyowa. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti kwathu mutu ndiwo umalemekezedwa chifukwa cha mphamvu yake, pamene m'mafakitale a wisiki mutu ndi zomalizira amazipatula n'kuzibwezera kuti zikatchezedwenso, ndipo amasunga zapakati zokha. Nthawi imene wotcheza asankha kuyamba ndi kusiya kutunga zapakatizo ndi imodzi mwa zinthu zimene wolawa amadzazimva patapita zaka zambiri.

Miphika yotchezera ku Scotland imapangidwa ndi mkuwa, womwewu umene chuma cha Zambia chimadalira, chifukwa mkuwa umagwira tinthu ta sulufule timene tikanachititsa chakumwa kununkha ngati mazira owola. Wisiki wa chimera ku Scotland kawirikawiri amatchezedwa kawiri m'miphika yotereyi, ndipo ambiri a ku Ireland amatcheza katatu. M'chaka cha 1830 Aeneas Coffey wa ku Ireland analembetsa makina ena ooneka ngati nsanja, otcheza mosalekeza, amene amatulutsa chakumwa champhamvu kwambiri koma chochepa fungo. Kusiyana kwake kuli ngati kwa mgaiwa ndi ufa woyera: mphika umasiya zambiri za mbewu yoyambirira, nsanja imasefa zambiri. Vodika ali kumapeto kwenikweni kwa kusefako, ndipo jini ndi chakumwa chosefedwa motero chimene amachipatsanso fungo ndi tizipatso ta juniper ndi zitsamba zina.

Dzina la pa botolo

Mawu ambiri a pa botolo si okometsera malonda chabe ayi, ali ndi malamulo kumbuyo kwake. Malamulo a m'chaka cha 2009 a ku United Kingdom amanena kuti wisiki wotchedwa Scotch ayenera kutchezedwa ku Scotland, kukhala m'migolo ya mtengo wa oki m'dziko lomwelo kwa zaka zosachepera 3, ndi kuikidwa m'botolo ali ndi mphamvu yosachepera 40 peresenti. Mawu akuti single malt amatanthauza kuti wisikiyo ndi wa chimera cha balere chokha, wotchezedwa m'miphika, pa fakitale imodzi. Ambiri amaganiza kuti amatanthauza mgolo umodzi, koma si choncho, chifukwa botolo la Glenfiddich limakhala ndi zosakaniza zochokera m'migolo yambiri ya pa fakitale yomweyo. Mawu akuti blended amatanthauza kuti wisiki wa chimera wasakanizidwa ndi wa mbewu zina wotchezedwa m'nsanja zija, kuchokera m'mafakitale osiyanasiyana, monga alili Johnnie Walker. Wisiki wambiri wa ku Scotland amene amagulitsidwa padziko lapansi ndi wosakaniza chotere, ndipo kusakanizako ndi ntchito yaluso imene anthu amaiphunzira kwa zaka zambiri.

Ku America, wotchedwa bourbon ayenera kukhala ndi chimanga chosachepera 51 peresenti ya mbewu zonse ndi kusungidwa m'migolo yatsopano ya oki yowauliridwa mkati. Kufupi ndi kwathu, fakitale ya James Sedgwick ya ku Wellington m'dziko la South Africa imapanga Bain's kuchokera ku chimanga chokhachokha, ndipo wisikiyu anasankhidwa kukhala wopambana pagulu lake pa mpikisano wa World Whiskies Awards mu 2013 ndi mu 2018. Ndikutchula zimenezi chifukwa pali maganizo akuti chimanga ndi mbewu ya zakumwa zotsika, pamene zoona zake n'zakuti chimanga chili m'mabotolo ena otchuka kwambiri.

Chisokonezo chimabwera chifukwa malamulowa sali ofanana m'mayiko onse. Ku India, mwachitsanzo, zakumwa zambiri zolembedwa kuti wisiki zimapangidwa makamaka ndi zotsalira za nzimbe, ndipo ku Ulaya sizingagulitsidwe ndi dzinalo. Botolo lotchipa likhoza kukhala ndi ethanol wosefedwa, madzi, utoto ndi zonunkhiritsa, osalowa mumgolo ngakhale tsiku limodzi. Chakumwa chotere chikhoza kukhala chololedwa ndiponso chopangidwa mwaukhondo, koma kuchiyerekeza ndi wisiki wa zaka 12 kuli ngati kuyerekeza chakumwa cha fungo la malalanje ndi madzi ofinyidwa m'malalanje enieni.

Mgolo ndi zaka

Wisiki akamatuluka mumphika amakhala woyera ngati kachasu. Mtundu wofiirira ndi gawo lalikulu la fungo zimachokera mumgolo. Thabwa la oki lili ndi tinthu timene timasungunuka pang'onopang'ono: vanillin, amene ndi yemweyo wopezeka mu vanila wa m'makeke, tinthu tina ta fungo ngati la kokonati, ndi tina tomanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Kuwaula mkati mwa mgolo kumasandutsa shuga wa m'thabwa kukhala wofiirira ndi wonunkhira, ndipo makala otsalawo amasefa fungo loipa. Popeza lamulo la ku America limafuna migolo yatsopano nthawi zonse, migolo yogwiritsidwapo kale imagulitsidwa ku Scotland ndi kwina. Migolo ina imachokera ku Spain kumene inasungirapo vinyo wotchedwa sherry, ndipo imapatsa wisiki mtundu wodera ndi fungo la zipatso zouma. Mayi aliyense amadziwa kuti chigubu chimene chinasungapo thobwa chimasiya fungo lake m'madzi ngakhale chitatsukidwa, ndipo ogula migolo amalipira ndalama chifukwa cha khalidwe lomweli.

Fanizo lothandiza kwambiri pa nkhani ya zaka ndi la masamba a tiyi. Masamba atsopano amafiiritsa madzi msanga, ogwiritsidwa ntchito kachiwiri amachedwa, ndipo tiyi wosiyidwa nthawi yaitali amawawa. Moteronso wisiki wa zaka 8 wa mumgolo wabwino akhoza kukhala ndi fungo lochuluka kuposa wa zaka 18 wa mumgolo wotopa, ndipo wokhalitsa kwambiri akhoza kungomveka thabwa lokhalokha. Chimene zaka zimawonjezera mosakayikitsa ndi mtengo. Ku Scotland mgolo umataya pafupifupi 2 peresenti ya zamkati mwake chaka chilichonse kudzera mu nthunzi, gawo limene amalitcha kuti la angelo, ndipo mwini wake amadikira zaka zonsezo osapezapo ndalama. M'mayiko otentha kutayikako kumakula ndipo thabwa limagwira ntchito mofulumira. Kavalan wa ku Taiwan, amene anayamba kutchezedwa mu 2006, anasankhidwa kukhala single malt wopambana pa World Whiskies Awards mu 2015, fakitaleyo isanakwanitse n'komwe zaka 10 ikutcheza.

Pali mfundo zitatu zimene wogula ayenera kuzidziwa. Chiwerengero cha zaka pa botolo la Scotch chimanena za wisiki wamng'ono kwambiri mwa onse osakanizidwamo. Zakazo zimasiya kuwerengedwa tsiku limene wisiki walowa m'botolo, kotero kuti botolo la zaka 12 losungidwa m'kabati kuyambira pa ukwati wa makolo likadali la zaka 12. Ndipo mtundu wodera si umboni wa ukalamba, chifukwa malamulo a ku Scotland amalola kuthira utoto wa shuga wowotcha wotchedwa E150a kuti mabotolo onse azioneka mofanana, chinthu chimene malamulo a bourbon salola. Burande wa ku Cognac m'dziko la France, chakumwa chaukali chotchezedwa kuchokera ku vinyo, amasonyeza zaka ndi zilembo: VS ndi zaka zosachepera 2, VSOP ndi 4, ndipo XO ndi 10 kuyambira mu 2018.

Mphamvu ndi madzi

Chiwerengero cha peresenti chimanena kuchuluka kwa ethanol m'botolo. Kwa zaka zambiri lamulo la ku South Africa linkafuna mphamvu yosachepera 43 peresenti, n'chifukwa chake mabotolo ambiri obwera kuno kudzera kumeneko amasonyeza 43 m'malo mwa 40. Mawu akuti proof ndi akale. Amanenedwa kuti anachokera ku njira yoyesera ponyowetsa onga wa mfuti ndi chakumwacho n'kuona ngati uyakabe, ndipo muyezo wa ku Britain wa 100 proof unali pafupifupi 57 peresenti. Ku America lero proof ndi peresenti yochulukitsidwa kawiri, choncho 86 proof ndi 43 peresenti. Pa mphamvu ya 43 peresentiyo, mamililita 50 a wisiki ali ndi ethanol wochuluka kuposa botolo la mowa wamba la mamililita 340 la mphamvu ya 5 peresenti.

Pali mkangano wakale wonena za kuthira madzi. Ena amati kutero n'kuwononga, koma akatswiri osakaniza wisiki m'mafakitale amamusukulutsa mpaka pafupifupi 20 peresenti akamanunkhiza, chifukwa ethanol wochuluka amabaya mphuno n'kubisa fungo lina lonse, monga mmene tsabola wochuluka amabisira kukoma kwa ndiwo. Mu 2017 asayansi awiri a pa yunivesite ya Linnaeus ku Sweden anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti madzi akawonjezedwa, chinthu china cha fungo la utsi chotchedwa guaiacol chimakwera pamwamba pa chakumwa, pamene mphuno imachipeza mosavuta. Madzi oundana amachita zosiyana, pakuti kuzizira kumachepetsa fungo lokwera. Wofuna kuyesa chakumwa amawapewa, koma wongofuna kumwa m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala sanalakwire lamulo lililonse akawaika.

Mphuno ndi lilime

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Lilime limazindikira zinthu zisanu zokha: kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa, ndi kukoma kwina kokhala ngati kwa msuzi wa nyama kapena bowa wouma kumene Ajapani anakutcha umami. Chithunzi chimene ambiri tinaphunzira kusukulu, chosonyeza kuti nsonga ya lilime imamva kutsekemera ndipo kumbuyo kumamva kuwawa, chinachokera pa kumasulira molakwika kafukufuku wa ku Germany wa m'chaka cha 1901. Zoona zake n'zakuti mbali zonse za lilime zokhala ndi timaso tolawira zimamva zisanu zonsezo. Zotsala zonse zimene timazitcha kukoma zimamveka ndi mphuno, imene ili ndi mitundu pafupifupi 400 ya tizigawo tolandira fungo. Linda Buck ndi Richard Axel analandira mphoto ya Nobel mu 2004 chifukwa chofotokoza mmene zimenezi zimagwirira ntchito. Fungo limafika m'mphuno kudzera kutsogolo tikamanunkhiza, komanso kudzera kukhosi tikameza, ndipo ndi chifukwa chake munthu wodwala chimfine amati chakudya sichikumveka ngakhale lilime lake lili bwinobwino. Kutentha kumene chakumwa chaukali chimabweretsa m'kamwa si kukoma kapena fungo ayi, ndi minyewa yomva ululu, yomweyo imene tsabola amaidzutsa.

Ndiye uchi ndi nthochi zija zimachokera kuti? Yisiti ikamagwira ntchito imapanganso tinthu tonunkhira totchedwa esters, ndipo kamodzi mwa ito, isoamyl acetate, kamapezekanso mu nthochi yakupsa. Wolawa akanena kuti akumva nthochi sakunama, chifukwa mphuno yake yakumana ndi chinthu chomwecho n'kukumbukira kumene inachimvapo. Utsi nawo uli ndi gwero lake lodziwika. Pa chilumba cha Islay ndi m'malo ena a ku Scotland, chimera amachiyanika pa moto wa peat, lomwe ndi dothi lakuda la zomera zowola za m'madambo, ndipo utsiwo umakanirira pa mbewu monga umakanirira pa nsomba yowamba. Wisiki wa Laphroaig, Lagavulin ndi Ardbeg amadziwika ndi fungo limeneli, limene ena amalikonda kwambiri pamene ena amati likununkha mankhwala a m'chipatala. Onsewo akunena zoona, popeza tinthu ta fungolo ndi ta m'gulu limodzi ndi timene timapezeka m'mankhwala ena ophera tizilombo.

Kachitidwe ka akatswiri n'kosavuta kukafotokoza. Amagwiritsa ntchito tambula yotambalala pansi ndi yopapatiza kukamwa kuti fungo lisonkhane. Ya mtundu wa Glencairn, imene inatuluka mu 2001, ndiyo yofala masiku ano. Amayang'ana mtundu mosaukhulupirira kwambiri, amanunkhiza mofatsa pakamwa pali potsegula pang'ono, amamwa pang'ono kwambiri n'kuyendetsa m'kamwa kuti amve ngati chakumwacho n'chopepuka ngati madzi kapena cholemera ngati mafuta, kenaka amadikira kuti aone kuti fungo likhala nthawi yaitali bwanji ndiponso ngati lisintha. Amayamba ndi zopepuka n'kumalizira ndi zautsi, chifukwa utsi ukalowa m'mphuno umaphimba zonse zotsatira. Akakhala ndi matambula ambiri amalavula, ndipo osakaniza a m'mafakitale nthawi zambiri amagwira ntchito ndi mphuno yokha osameza kanthu. Timizere totsetsereka m'mbali mwa tambula, timene ena amati ndi chizindikiro cha wisiki wapamwamba, timangosonyeza makamaka mphamvu ya ethanol.

Kuti akatswiri azimvana, ofufuza a ku Scotland anakonza mu 1979 chithunzi chozungulira ngati gudumu chimene chimaika mafungo m'magulu, monga a mbewu, a zipatso, a maluwa, a thabwa, a utsi ndi a sulufule. Magulu amenewa ndi othandiza kulikonse, koma zitsanzo zake ndi za ku Ulaya: maluwa a m'mapiri a ku Scotland, makeke a Khirisimasi a ku Britain, zipatso zimene sizipezeka pa msika wa Soweto. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene anthu ambiri a kwathu amadziona ngati alibe mphuno yabwino, pamene vuto lili m'mawu osati m'mphuno. Munthu amene wanena kuti akumva masuku akupsa, kuwawasa kwa malambe, nzimbe, mtedza wokazinga, chimanga chootcha, utsi wa mbaula kapena fungo la dothi pa mvula yoyamba wachita ntchito yomweyo imene katswiri wa ku Edinburgh amachita, ndipo kwa omvera a kuno wafotokoza momveka bwino kuposa iye.

Malikisi ndi mamendulo

Chizolowezi chopereka malikisi pa 100 chinachokera kwa olemba za vinyo a ku America, ndipo olemba za wisiki anachitengera. Malikisi otere ndi maganizo a munthu mmodzi pa tsiku limodzi, ngakhale munthuyo akhale wodziwa kwambiri. Mipikisano imayesa kuchepetsa vutoli posonkhanitsa oweruza angapo amene amalawa osaona botolo. Wa International Wine and Spirit Competition unayamba ku Britain mu 1969, ndipo wa San Francisco World Spirits Competition unayamba mu 2000. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pa mipikisano yotereyi mendulo ya golide siili ngati ya pa mpikisano wothamanga, pamene wopambana amakhala mmodzi. Ili ngati giredi ya pa mayeso, imene aliyense wofika pa muyezo amalandira, kotero kuti mabotolo ambiri akhoza kutenga golide chaka chimodzi. Opanga amalipira kuti alowetse mabotolo awo, ndipo amene sanalowetse sapeza mendulo ngakhale chakumwa chawo chikhale chabwino motani.

Kubisa botolo n'kofunika chifukwa maso amatsogolera lilime. Mu 2008 ofufuza a ku California anapatsa anthu vinyo yemweyo kawiri, n'kuwauza mitengo yosiyana. Anthuwo ananena kuti wodulayo akukoma kwambiri, ndipo makina ounikira ubongo anasonyezanso kusiyana m'gawo lomva chisangalalo. M'mafakitale amagwiritsa ntchito mayeso a matambula atatu, awiri ofanana ndi imodzi yosiyana, ndipo wolawa ayenera kuloza yosiyanayo. Mayesowa safunsa kuti chokoma n'chiti, amangofunsa ngati pali kusiyana kumene mphuno ingakupeze. Akatswiri amagwirizana kwambiri pa zolakwika, monga fungo la sulufule, la nkhungu kapena la zomalizira zija, kuposa mmene amagwirizanirana pa funso lakuti pakati pa mabotolo awiri opanda cholakwika labwino koposa ndi liti.

Zimene kulawa sikungaulule

Gawo ili ndi limene ndikufuna kuti wowerenga asalidumphe. Pali chinthu china chofanana ndi ethanol chotchedwa methanol, chimene chimagwiritsidwa ntchito m'mafakitale. Maonekedwe, fungo ndi kakomedwe kake n'zofanana kwambiri ndi za ethanol moti ngakhale katswiri wodziwa sangachizindikire m'chakumwa. Mamililita 10 okha akhoza kuchititsa munthu khungu, ndipo 30 akhoza kupha. Mowa wa zipatso umakhala ndi methanol pang'ono mwachibadwa ndipo wa mbewu umakhala ndi wochepa kwambiri, koma ngozi zikuluzikulu zimachitika makamaka pamene wina wathira methanol wa m'fakitale mwadala kuti achulukitse katundu motchipa. Zotere zinachitika m'boma la Kabale ku Uganda mu 2010, kumene anthu pafupifupi 80 anafa atamwa waragi, kachasu wa kumeneko, wosakanizidwa ndi methanol. Kuyatsa chakumwa n'kuyang'ana mtundu wa lawi si njira yodalirika yoyesera. Zizindikiro za munthu amene wamwa methanol zimachedwa, nthawi zambiri maola 12 mpaka 24, ndipo ndi mutu, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mofulumira ndi kusaona bwino. Munthu wotere asayesedwe wa matsire chabe, koma athamangitsidwe naye kuchipatala, monga ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa, chifukwa chithandizo chimagwira bwino chikayamba msanga.

Lilime silingapezenso mtovu wochokera ku mapaipi osayenera kapena zotsalira za mankhwala za mumgolo umene unasungapo zinthu zina. Zimenezi zimapezeka ndi makina a m'labotale, ndipo ndi chifukwa chake dziko lili ndi mabungwe oona za miyezo monga Zambia Bureau of Standards ndi Zambia Compulsory Standards Agency. Botolo lodziwika nalonso likhoza kudzazidwanso ndi zina, choncho chivindikiro chosamatidwa bwino ndi mtengo wotsika modabwitsa ndi zizindikiro zofunika kuposa kakomedwe. Ngakhale chakumwa chikhale chenicheni, ethanol wa m'botolo lodula ndi yemweyo wa m'botolo lotchipa, ndipo chiwindi sichisiyanitsa. Bungwe la International Agency for Research on Cancer linaika zakumwa zoledzeretsa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1988, ndipo mu 2023 nthambi ya ku Ulaya ya World Health Organization inanena kuti palibe mlingo wa mowa umene ungatchedwe wopanda chiopsezo chilichonse.

Mafunso amene akadali poyera

Pakati pa opanga ndi olawa pali mkangano wosatha wonena za zaka. Ngati zaka 6 za kumalo otentha zingachite zimene zaka zochuluka zimachita ku Scotland, kodi chiwerengero cha zaka chikadali muyezo wachilungamo, nanga chingalowe m'malo mwake n'chiyani? Ena amafuna kuti utoto wa E150a uzilembedwa pa botolo lililonse monga zimachitikira ku Germany, pamene ena amati utotowo ndi wochepa moti sukhudza kakomedwe. Akukanganabe ngati dothi ndi nyengo ya kumene balere analimidwa zimamvekabe m'chakumwa chikatchezedwa n'kukhala zaka mumgolo. Pa mipikisano, funso ndi lakuti mendulo ingathandize bwanji wogula ngati ambiri olowa amabwerako nayo.

Kwa ife a kuno funso lalikulu ndi la kachasu. Uganda m'zaka za m'ma 1960 inakhazikitsa dongosolo loti otcheza akhale ndi chilolezo ndipo zotcheza zawo zizikayeretsedwa ku fakitale, ndipo Kenya inachotsa chiletso cha chang'aa, kachasu wa kumeneko, mu 2010 n'kuika malamulo a kapangidwe ndi kagulitsidwe. Ochirikiza njira yotereyi amati chinthu chimene chili poyera chimatheka kuyesedwa ndi kukhometsedwa msonkho, ndiponso kuti mabanja ambiri amadalira ntchitoyi. Otsutsa amati kuloleza kumachulukitsa kumwa pakati pa achinyamata, amene anali chifukwa chachikulu choletsera tujilijili, ndipo amaloza kuti m'mayiko awiri aja imfa za zakumwa zosakanizidwa sizinathe. Kodi boma lili ndi oyendera ndi malabotale okwanira kuti lifike kwa wotcheza wa ku Kanyama kapena ku Chawama? Ndipo ngati kachasu wa chimanga atatchezedwa mumphika wa mkuwa, mutu n'kupatulidwa, zapakati n'kusungidwa mumgolo zaka zitatu ndi kuyesedwa m'labotale, kodi chotulukacho lamulo lingachitche dzina liti, ndipo ndani angakhazikitse muyezo wochiweruzira?